Kodi kuimba limba la m'tchalitchi ndi ntchito yoti mwana angaidalire?

Mayi wa ku Glasgow:

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikupempha amene amadziwa za maimbidwe a m'matchalitchi a kuno ku Ulaya kuti andiunikire. Mwana wanga wamwamuna, yemwe ali ku sekondale, wakhala akuimba kiyibodi pa mapemphero athu a Amalawi kuyambira ali wamng'ono, ndipo anthu amamuyamikira kuti ali ndi khutu, chifukwa nyimbo akangoimva amaitsata popanda pepala. Tsopano mtima wake wagwa pa limba lalikulu la mapaipi. Gwero lake ndi ku Kelvingrove, nyumba yosungiramo zinthu zakale ndi zojambula muno mu Glasgow, kumene 1 koloko masana munthu amakwera pakhonde la m'mwamba n'kuimba limba kwa pafupifupi theka la ola, anthu akumvera ulere. Limbalo linapangidwa mu 1901 ndi kampani ya Lewis, ndipo likalira mawu ake otsikitsitsa munthu amawamva m'chifuwa momwe. Chiyambire kupitako Loweruka, mnyamatayu sakambanso za uinjiniya umene ine ndi bambo ake tinkamuganizira, koma akuti akufuna kudzakhala woimba limba wa tchalitchi chachikulu.

Sindikufuna kumuthyola mtima, komanso sindikufuna kumulimbikitsa njira imene idzamusiye pa umphawi. Kodi ntchito imeneyi munthu angadyetsere banja? Anthu amene amaimba masanawa popanda kulipiritsa pakhomo, amawalipira ndani, nanga chifukwa chiyani amasankha nthawi ya nkhomaliro? Chinanso chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwanayu manotsi a pamizere isanu amawerenga mokakamira, popeza anakulira solofa ndi khutu, ndiye mwina wachedwa kale. Amene anayendapo njira imeneyi, chonde ndiuzeni zoona zake osandinyengerera.

Mkulu wa mpingo, Birmingham:

Mayi, zikomo pobweretsa nkhaniyi. Ine ndine mmodzi wa anthu amene amadzaza mipando Lolemba masana kuno ku Birmingham, choncho ndiyankhe mbali ya mwambo wa masanawu, za malipiro ndiwasiyira amene ali m'ntchitoyi.

M'zaka za m'ma 1800 mizinda ya mafakitale ya ku Britain inkapikisana pomanga maholo akuluakulu a khonsolo, ndipo holo yopanda limba inkaoneka yosakwanira. Holo ya mzinda wa Birmingham inatsegulidwa mu 1834, limba lake linapangidwa ndi William Hill, ndipo mpaka lero mzindawu uli ndi udindo wa woimba limba wa mzinda. Ku Liverpool, W. T. Best anagwira udindo wotere ku St George's Hall kuyambira 1855, ndipo ankatenga nyimbo zolembedwera gulu lonse la oimba zipangizo n'kuzikonza kuti ziimbike ndi munthu mmodzi pa limba. Tikumbukire kuti nthawi imeneyo kunalibe wailesi, moti kwa kalaliki wa mu ofesi kapena wogwira ntchito m'fakitale, limba la m'holo ndilo linali khomo lokhalo lomvera nyimbo zikuluzikulu pa mtengo umene akanaukwanitsa. Matchalitchi a pakati pa mizinda anatengera nzeru yomweyo. Ku London, Harold Darke anayamba kuimba Lolemba masana m'tchalitchi cha St Michael, Cornhill, mu 1916, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati, ndipo anthu amene ankabwera anali a m'mabanki ndi m'maofesi oyandikana nawo, amene nthawi yawo yopuma inali ola la nkhomaliro basi. N'chifukwa chake maimbidwe a masana amakhala afupi, kuti munthu amve, atuluke, akafike pa desiki yake nthawi isanakwane.

Mwambowu sunasinthe kwenikweni. Pakhomo amakupatsani kapepala kosonyeza nyimbo zimene ziimbidwe, ndipo kawirikawiri simulephera kupeza dzina la Bach, katswiri wakale wopeka nyimbo wa ku Germany, kenako kanyimbo kofatsa pakati, n'kumaliza ndi ina yaphokoso ya ku France. M'malo ena anaikamo sikirini yoonetsa manja ndi mapazi a woimbayo, popeza iye amakhala pobisika. M'matchalitchi ambiri kulowa n'kwaulere koma potuluka pamakhala mbale ya chopereka, ndipo ndalamazo zimathandiza kusamalira limba ndi kuthokoza woimba; kuno kwathu ku holo timagula tikiti.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchione bwino. George Thalben-Ball anakhala woimba limba wa mzinda wa Birmingham kuyambira 1949 mpaka 1983, uku akutumikiranso ku Temple Church ku London, ndipo amene anamulowa m'malo, Thomas Trotter, wakhalapo kuyambira 1983. Anthu awiri okha pa mpando umodzi kwa zaka zoposa 70. Ndi ulemu waukulu ku ntchitoyi kuti anthu amakalambirapo, koma kwa mnyamata amene akuyembekezera mpata, zikutanthauza kuti mipando ya pamwamba siitseguka kawirikawiri.

Woimba limba wa parishi, kumpoto kwa England:

Achemwali, ndikulemba monga munthu amene amakhala pa benchi ya limba Lamlungu lililonse, ndipo mkati mwa sabata ndimaphunzitsa ana piyano. Ntchito ziwirizi ndazitchula pamodzi mwadala, chifukwa ndilo yankho la funso lanu loyamba. M'matchalitchi ambiri a parishi ku Britain, udindo wa woimba limba ndi wa maola ochepa pa sabata, ndipo malipiro ake sangalipire nyumba. Pamwamba pake pamabwera kangachepe ka maukwati ndi maliro, ndipo bungwe la Royal School of Church Music, limene Sydney Nicholson analiyambitsa mu 1927, limapereka malangizo a mmene mipingo ingalipirire oimba ake, koma mpingo uliwonse umachita monga mwa thumba lake. Anzanga ambiri ndi aphunzitsi, ena ndi madokotala, maloya ndi mainjiniya, ndipo limba amaligwira madzulo ndi Lamlungu. Ntchito yodalirika ya tsiku ndi tsiku ili m'macathedral (matchalitchi akuluakulu a mabishopu), m'makoleji ndi m'sukulu zikuluzikulu zimene zili ndi matchalitchi awoawo. Mpingo wa Church of England uli ndi macathedral 42, ndipo aliyense amakhala ndi mkulu wa maimbidwe, womuthandiza, ndiponso nthawi zambiri wophunzira amene amakhalapo chaka chimodzi. Muwerenge nokha kuchepa kwa malowo. Ku Germany ndi m'maiko a ku Scandinavia zinthu zili bwinoko, chifukwa kumeneko woimba wa mpingo ndi wantchito wolembedwa, wokhala ndi maphunziro ake ndi malipiro a pamwezi.

Komabe chimene ndikufuna mwana wanu amve si za ndalama zokha. Zimene amaona ku Kelvingrove ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka ntchitoyi, ndipo ndiko kokhako kamene anthu amawombera m'manja. Ntchito yeniyeni ya woimba limba wa m'tchalitchi ndiyo kunyamula mpingo pa nyimbo. Ayenera kudziwa pamene anthu akufuna kupuma mpweya pakati pa mizere, kuwakoka pang'ono akayamba kuikwekwesa nyimbo, kufewetsa mawu pa ndime yolapa ndi kuwakweza pa ndime yotamanda, kutsitsa nyimbo yonse ngati yakwera kwambiri kwa agogo a m'mawa, ndiponso kupeka za m'mutu pomwepo pamene mkwatibwi wachedwa kapena mzere wa mgonero watalika. M'cathedral ya Anglican amaperekeza kwaya pa mapemphero a madzulo pafupifupi tsiku lililonse, ndi masalimo amene ndime iliyonse imafuna mtundu wake wa mawu, ndipo mkulu wa maimbidwe nthawi yake yambiri imathera pophunzitsa ana a kwaya m'mamawa sukulu isanayambe, osati pa limba. Munthu amene sakonda mapemphero ndipo alibe chipiriro ndi anthu, ntchitoyi imamutopetsa msanga ngakhale zala zake zikhale zothamanga chotani.

Ngakhale Bach anaphunzira zimenezi movutikira. Ali mnyamata wa zaka 18 anapatsidwa limba ku Arnstadt mu 1703. Mu 1705 anapempha tchuthi cha milungu inayi n'kuyenda wapansi mtunda wa makilomita pafupifupi 400 kupita ku Lübeck kukamva woimba limba wotchuka Dieterich Buxtehude, ndipo anabwerako patapita miyezi inayi. Akuluakulu a mpingo atamuitana sanamudzudzule za kuchedwa kokha, koma anadandaulanso kuti amalowetsa zachilendo zambiri m'nyimbo za mpingo mpaka anthu kusokonezeka. Ine ndimaona kuti akuluakuluwo anali ndi mfundo, ngakhale amene ankamudzudzulayo anali katswiri woposa onse, pakuti nyimbo ya mpingo ndi ya mpingo.

Tsopano za chida chenichenicho, kuti mudziwe chimene mwanayo akukalowa. Limba la mapaipi limalira ndi mphepo. Makina a magetsi amapopera mphepo mu mvukuto, ndipo woimba akadina kiyi amatsegula njira yoti mphepoyo ilowe mu paipi. Paipi iliyonse ili ndi liwu limodzi lokha, choncho mtundu uliwonse wa mawu umafuna mzere wake wa mapaipi, ndipo n'chifukwa chake limba la ku Royal Albert Hall ku London lili ndi mapaipi 9,999. M'mbali mwa woimba muli timitu tokoka totchedwa masitopu, ndipo kamutu kalikonse kali ndi dzina ndi nambala. Nambala 8 ikutanthauza kuti paipi yaitali ya mzerewo ndi ya mafiti 8 ndipo imalira pa mlingo wofanana ndi wa piyano. Ya 16 imatsika kufika pa do wa pansi, ya 4 imakwera kufika pa do wa pamwamba, ndipo ya 32, imene kutalika kwake kumayandikira mamita 10, ndi ija mumaimva m'chifuwa. Kudina mwamphamvu sikukweza mawu monga pa piyano. Mawu amakula pokoka masitopu ambiri kapena potsegula ndi phazi zitseko za bokosi limene muli mapaipi ena, ndipo kukoma kwa maimbidwe kumachokera pa kudziwa nthawi yeniyeni yochotsera chala pa kiyi, chifukwa liwu la limba silizilala lokha.

Manja amayenda pa mizere iwiri, itatu kapena inayi ya makiyi, pamene mapazi ali ndi makiyi awo 30 kapena 32 a matabwa, amene amaimbidwa ndi nsonga ya phazi ndi chidendene popanda kuyang'ana pansi. Apa ndi pamene ophunzira onse amalira. Dzanja lamanzere linazolowera kuimba besi, ndiye mapazi akalanda besiyo, dzanjalo limafuna kuwatsatira kulikonse kumene apita. Kuti ziwirizi zigwirizane popanda kugundana, monga amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, pamafunika miyezi yambiri yoimba pang'onopang'ono nyimbo yomweyomweyo. Komanso palibe malimba awiri ofanana, moti munthu woitanidwa kukaimba masana kwa mphindi 40 amayamba wakhala maola angapo usiku wa dzulo lake, tchalitchi chitatsekedwa, akuyesa masitopu ndi kulemba manambala ndi pensulo pa mapepala ake.

Za kuchedwa musade nkhawa. Ambiri amayamba limba ali ku sekondale, popeza miyendo iyenera kufika pa makiyi a pansi, ndipo aphunzitsi amafuna kuti mwana ayambe wakhazikika pa piyano. Koma kuwerenga manotsi sikungazembedwe, chifukwa nyimbo za limba zimalembedwa pa magulu atatu a mizere nthawi imodzi. Mayeso a ABRSM, bungwe loyesa ophunzira nyimbo, amafika giredi 8, ndipo pamwamba pake pali a Royal College of Organists, bungwe limene linayamba mu 1864, amene amapereka madipuloma a CRCO, ARCO ndi FRCO. M'mayesowa sayesa nyimbo zokonzekera zokha ayi, amayesanso kuimba chinthu chimene sunachionepo, kusamutsa nyimbo kupita pa kiyi ina pomwepo, ndi kuwerenga mawu anayi a kwaya olembedwa pa mizere yosiyana. Makoleji ambiri a ku Oxford ndi Cambridge amatenga wophunzira woimba limba wa m'tchalitchi chawo, ndipo m'makoleji ena wophunzirayo amaloledwa kuchita digiri imene si ya nyimbo. Choncho uinjiniya ndi limba si adani.

Mphunzitsi wa kwaya, Blantyre:

Ndawerenga mayankho onse ndipo ndaphunzira zambiri, koma ndikuona kuti khutu la mwanayu tikulichepetsa. Mayi alemba ngati solofa ndi chilema chimene ayenera kuchira. Ine ndaphunzitsa makwaya kwa zaka zambiri, ndipo ndikudziwa kuti mwana amene amamva do, mi, so m'mutu mwake savutika kusamutsa nyimbo kupita pa kiyi ina, chifukwa kwa iye nyimbo ndi ubale wa mawu, osati malo a zala. Zimene mayi oimba limba atchula, monga kusamutsa nyimbo ndi kupeka za m'mutu, ndi zomwe anyamata athu amachita Lamlungu lililonse pamene mayi wina wa chigwirizano wayambitsa kolasi pa kiyi imene yamufikira pakhosi. Aphunzire manotsi ndithu, ndipo alimbikire, koma mphunzitsi amene angamuuze kuti aiwale solofa ameneyo akumulanda chuma.

Popeza muli ku Scotland, mbiri iyi ikukukhudzani. Mipingo ya Presbyterian ya kumeneko inakana limba kwa zaka mazana, ndipo masalimo ankayambitsidwa ndi munthu mmodzi woima kutsogolo, mpingo n'kumatsatira. Ndi m'zaka za m'ma 1860 pamene tchalitchi cha Greyfriars ku Edinburgh chinalowetsa chida choimbira m'mapemphero, ndipo panali mkangano waukulu, pomwe mpingo wa Free Church of Scotland unadzaloleza zoimbira mu 2010. Amishoni amene anafika kuno mu 1876, ndiponso David Clement Scott amene anatsogolera ntchito yomanga tchalitchi cha St Michael and All Angels kuyambira 1888 mpaka 1891, anachokera m'dziko limene limba linali lachilendo m'tchalitchi ndipo kuimba ndi pakamwa kunali kolimba. Ife tinalandira zimenezo n'kuziphatikiza ndi maimbidwe athu, ndipo mpaka lero mpingo wa kumudzi umaimba mawu anayi popanda chida chilichonse.

Chimene chimandiwawa n'chakuti m'matauni chumachi chikuphwanyidwa ndi kiyibodi yolira ng'oma zake zokha pa zokuzira mawu, mpaka mpingo umangoyang'ana ngati wabwera kudzaonera. Vuto si chida, koma kusowa kwa anthu ophunzitsidwa kuperekeza nyimbo. Limba la mapaipi kuno n'lovuta kulisamalira chifukwa cha fumbi, kutentha, chiswe, kuzimazima kwa magetsi ndi kusowa kwa amisiri ake, koma malimba a magetsi okhala ndi makiyi a kumapazi alipo ndipo mipingo ina ingathe kugula. Mwana wanu akaphunzira bwino, adzakumbukire kuti ngakhale milungu iwiri ya tchuthi ataipereka kuphunzitsa achinyamata a kuno, ingasinthe maimbidwe a mpingo wonse.

Mayi wa ku Glasgow:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Bambo mphunzitsi, mawu anu a solofa ndamuwerengera mwanayu ndipo anasangalala. Ndatsala ndi funso limodzi kwa achemwali oimba limba. Ife kunyumba tili ndi kiyibodi chabe, ndipo mapemphero athu timachitira m'holo yobwereka imene mulibe limba. Mwanayu akaphunzirira kuti, nanga tiyambire pati?

Woimba limba wa parishi, kumpoto kwa England:

Achemwali, yambirani pa tchalitchi chimene chili pafupi ndi kwanu. Mupite naye ku mapemphero a Lamlungu, mukhale mpaka nyimbo yotulukira ithe, kenako mukapereke moni kwa woimba limba ndi kumufotokozera. Musachite manyazi, chifukwa matchalitchi ambiri akusowa oimba ndipo achikulire amene alipo amadandaula kuti palibe wowalowa m'malo, moti mwana wofunsa yekha amamulandira ndi manja awiri. Ngati woimbayo saphunzitsa, akulozerani kwa wina. Royal College of Organists ili ndi mndandanda wa aphunzitsi ovomerezeka, ku Scotland kuli ndondomeko yotchedwa SCOTS yophunzitsa oimba limba a m'mipingo, ndipo ku Oundle, ku England, kumachitika maphunziro a achinyamata oimba limba nthawi ya tchuthi.

Mudziwiretu kuti popeza sanakwane zaka 18, malamulo oteteza ana sadzalola kuti azikhala yekha m'tchalitchi, choncho inu kapena bambo ake mudzafunika kumamuperekeza, ndipo m'nyengo yozizira mudzatenge majasi, chifukwa mkati mwa sabata matchalitchi ambiri satenthetsa. Mumugulire nsapato zopyapyala za chikopa kunsi, zokhala ndi chidendene chotalikirapo pang'ono, zimene azivala pa limba pokha. Nsapato zamasewera n'zonenepa ndipo zimadina makiyi awiri nthawi imodzi. Piyano asaisiye, ndipo alowe kwaya imene imaimba ndi manotsi, chifukwa kumeneko ndi kumene maso amazolowera msanga.

Za mphunzitsi wa ku Blantyre ndikugwirizana nazo, ndipo ndingowonjezera kuti mphunzitsi wa limba mudzamuuze poyamba pomwe kuti mwanayu amaimba ndi khutu, kuti azimupatsa nthawi yopeka za m'mutu pa phunziro lililonse. Cholinga chake choyamba chisakhale nyimbo zothamanga zimene amamva masana zija. Apemphe nyimbo imodzi ya m'buku, aiphunzire ndi mapazi omwe, ndime zake zonse, ndipo akaikhoza apemphe abusa kuti aiimbe pa mapemphero a madzulo, pamene anthu amakhala ochepa.